Beseni la a Esitele Layamba Ntchito

Kwa a Mateyo ku Kachebere foni siidziwa kuti ili dziko liti. Ukakhala pakhonde ndi ya ku Malawi. Ukangozungulira kuseri kwa khola, ti ti, meseji: Welcome to Zambia. Bandulo yako ya kuno pamenepo yagona tulo.

Dyna, mwana wawo wachitatu, vutoli anathana nalo yekha. Anatenga beseni lachitsulo la amayi ake, kumangirira ka MiFi, kachipangizo ka intaneti, mkati ndi mphira, kulikweza pansungwi yaitali. Kukamwa kwa beseni kuyang'ana ku boma, msana ku Zambia. Basi, netiweki fulu, ya ku Chipata osayerekezanso kulowerera.

Chipinda chake anthu ankachitcha ofesi, momuseka. Tebulo ndi chitseko chakale chosanjika panjerwa. Laputopu sikirini inafa kalekale, ndiye anailumikiza ku TV yomwe amalume anataya. Sola padenga, batire pakona, kafani ka muminibasi kuziziritsa makina. Malamulo analiponso: nsapato panja, chakudya panja, nkhuku zinaletsedwa mpaka kalekale chilowereni tambala wina n'kusiya siginecha pa kiyibodi. Mmenemo ndi momwe anaphunzirira kulemba mapulogalamu, yekha, zaka zitatu.

A Mateyo sizinkawalowa. “Sukulu yonse ija,” ankatero, “kuthera kupachika mabeseni.”

Lachinayi limenelo kampani ina ya ku Lilongwe inali itamuika pa intavyu ya pavidiyo, teni koloko. Anamuuziratu kuti anthu ndi ambiri, wochedwa kulowa amudumpha. Mamawa anatesita, zonse bho. Anapita kukasamba, kusita bulauzi. Twente tu teni akuyatsa makina, intaneti zii. Kusuzumira pawindo, nsungwi palibe.

Anatuluka chothamanga, mpango uli m'manja. Bwalo losesedwa bwinobwino, dzenje la nsungwi lokwiriridwa, beseni lili pakhonde lodzaza mtedza. Ka MiFi kali pampando ngati mlendo.

“Amayi! Mwatani?”

A Esitele sanatembenuke n'komwe, ankayala mikeka. “Lero mphakati wa kutchalitchi ukumana pano. Ukufuna anthu apeze beseni lili m'mwamba ngati pakhomo pa amisala?”

“Intavyu yanga, mami! Ndinakuuzani dzulo!”

“Unati ndi ya pakompyuta. Kompyuta yako ndaigwira ine?”

Dyna anayesa foni. Welcome to Zambia. Anaikweza m'mwamba, kuthamangira pachulu, kubwerera. Kamzere kamodzi, kenako zii. Kukumba dzenje lina nthawi panalibe, nthaka ya Ogasiti ili gwa.

A Mateyo anali pansi pa mtengo wa mango atavala kale jekete la kutchalitchi, poti ndi iwo tcheyamani wa mphakati. Anayang'ana mwana wawo. Anadzuka. Mtedza uja anaukhuthulira pamkeka, khuthu.

“Bambo a Dyna, mkeka wa alendo umenewo!”

“Alendo amadya mtedza. Iwe, nsungwi ili kuti?”

Dyna anamanga mphira mofulumira, zala zikuchita kupikisana. A Mateyo anaimika nsungwi, kuitsamiritsa pamimba, manja onse awiri gwa.

“Lowa. Uzindiuza pawindo.”

“Tembenuzani kumanja, dadi. Pang'ono. Eee mwapitirira, mwalowa Zambia!”

“Popanda pasipoti?”

“Bwererani! Apo! Apo pomwe, musagwedezeke!”

Thu minitsi tu teni, nkhope zitatu zinatulukira pa TV ya amalume.

Panja amayi a mphakati anayamba kufika, zitenje zofanana, mabuku a nyimbo m'khwapa. Anapeza tcheyamani wawo ali chilili pakati pa bwalo, jekete, tayi, beseni kumwamba. A Veronika, omwe pakamwa pawo sipagona mawu, anaima.

“A tcheya, mukukolola mvula?”

“Khalani pansi, mayi. Muyimbe chamumtima. Mwana ali ku Lilongwe.”

“Si uyo tikumuona pawindoyo?”

“Thupi lokha.”

Dzuwa linakwera. Thukuta linadutsa m'tayi. Ntchentche inatera pamphuno, a Mateyo anangoiuzira mpweya, manja osachotsa. A Esitele anaima kaye pakhonde, kenako mwakachetechete anabwera ndi ambulera n'kuwafunditsa mthunzi.

Mkati Dyna ankayankha ngati akusenda nthochi. Omufunsawo anamupatsa pulogalamu yofa, iye anaidzutsa iwo asanamalize kumwa madzi awo. Kumapeto mayi wa magalasi, bwana wa gululo, anaweramira ku kamera.

“Mwati muli kumudzi ku Mchinji? Ena ali mutauni momwe muno akhala akudukaduka. Inu mukugwiritsa chani?”

Dyna anaganiza zonama, kutchula dzina la chipangizo chodula. Kenako anangonyamula kakamera n'kukalozetsa pawindo. Bambo, nsungwi, beseni, ambulera, ndi mphakati wonse uli duu pamikeka ukuswa mtedza.

“Beseni limatchinga netiweki ya ku Zambia,” anatero. “Ndinapanga ndekha. Awo ndi bambo anga, lero ndi iwo tawala ya netiweki.”

Ku Lilongwe kunaphulika kuseka, wina mpaka kugogoda tebulo. Mayi wa magalasi anapukuta m'maso.

“Munthu wotere ndi amene tikumufuna. Muyambe Lolemba, muzigwirira komweko. Ndipo auzeni bambo atsitse manja.”

Dyna anatuluka opanda nsapato. “Dadi, tsitsani! Anditenga!”

Nthungululu za a Veronika zinamveka mwina mpaka ku Mwami. A Mateyo anatsitsa nsungwi pang'onopang'ono, manja akukana kuwongoka. Sanaigoneke pansi, anaitsamiritsa pamango mosamala ngati mwana wakhanda.

“Mapemphero akatha,” anatero, “wina andipezere khasu. Pakhale dzenje lenileni, la simenti.”

“Nanga beseni langa?” anafunsa a Esitele.

“Iwalani, mayi,” anatero a Mateyo. “Beseni liyamba ntchito Lolemba.”