Anawerenga Makomo, Osati Anthu

Mu ofesi ina ya akatswiri a zachuma munali matebulo awiri, fani imodzi, ndi nsanje yokwanira anthu khumi. Tebulo la kuzenera linali la a Pawailesi, amene atolankhani ankawaimbira foni mtengo wa sopo ukangokwera. La kuseri kwa chitseko linali la a Manambala, amene anatha zaka khumi ndi ziwiri akufufuza za umphawi, koma ngakhale mlonda wa pageti ankawafunsabe chiphaso.

Koma nsanje inawadya bambo amenewa, inu! Mnzawoyo akamauza mtolankhani kuti, "Boma lisamagawe katundu, lizipereka ndalama m'manja, wosauka amadziwa yekha chimene chikumusowa," a Manambala ankatafuna cholembera. Mfundo imeneyo inali yawo. Anaitchula chaka chatha pa nthawi ya tiyi, a Pawailesi akuthira shuga ngati sakumva.

Ndiye boma linapempha ofesiyo kuti ilembe njira yosankhira mabanja oyenera kulandira thandizo la mwezi ndi mwezi. Bwana anapereka ntchitoyo kwa ndani? Mwadziwa kale. A Manambala anangopatsidwa lipoti litatha, kuti aone ngati muli zolakwika.

"Achimwene, mungodutsamo ndi diso lanu lija," anatero a Pawailesi akukonza tayi. "Ine akundidikira ku wailesi."

Cholakwika a Manambala anachipeza pa tsamba 14, chili poyera ngati mbuzi pabalaza. Mnzawoyo analemba kuti banja lopeza ndalama zoposa mwakutimwakuti pamwezi lisalandire. Koma anawerengera pa khomo, osagawa ndi chiwerengero cha anthu okhala pakhomopo. Munthu wokhala yekha ndi mayi wodyetsa ana asanu ndi awiri anawayeza ndi muyeso umodzi. Ngakhale wophunzira wa chaka choyamba sangalakwitse chonchi.

Mtima wa a Manambala unangoti myaa. Anatulutsa cholembera chofiira, n'kuchibwezanso m'thumba. "Akagwe nazo pamaso pa komiti," anatero chamumtima. "Tione ngati pakamwapo pakamupulumutse."

"Mwapezamo chiyani?" anafunsa a Pawailesi atabwerako.

"Mulibe vuto, achimwene. Mwagwira ntchito."

Tsiku la komiti ya boma, a Manambala anavala suti yawo ya ukwati, n'kukhala kumbuyo kudikira kuti wina aimike dzanja. Palibe amene anaimika. Akuluakulu aja anawerenga tsamba loyamba, kuyang'ana zithunzi, basi n'kuomba m'manja. A Manambala akanadzuka okha kuti anene, koma akanayambira pati? Pa tsamba lomaliza panali siginecha yawo, yotsimikiza kuti zonse zili bwino. Anatuluka thukuta lili kamukamu, nsanje itawonjezekera, chifukwa a Pawailesi anali akujambulitsa ndi wapampando.

Patatha miyezi inayi, Loweruka lina masana, a Manambala anapita kukaona mlongo wawo, mayi wamasiye wosoka zovala pakhonde. Ana ake anayi ndi atatu a malemu mchimwene wawo onse ankadalira makina amodziwo. Anamupeza makina ali zii, iye atagwira kapepala.

"Achimwene, inu ndinu ophunzira, tandiwerengereni. Akuti sindili m'gulu lolandira thandizo, ati ndimapeza zambiri. Zambiri zake ziti? Neba wangayu amakhala yekha ndi mphaka, koma walandira. Ine mtsikana wamkuluyu ndamuuza kuti teremu ino ayambe wakhala kaye pakhomo."

A Manambala anayang'ana kapepalako. Mawu ake anali omwe aja a pa tsamba 14, osasintha ngakhale limodzi. Pazenera wailesi inali kulira, ndipo mawu a a Pawailesi anali kutamanda ndondomeko yatsopanoyo.

"Bambo awa pakamwa ali napo," anatero mlongoyo, "koma pamenepa anaphonya. Munthu amalakwitsa, sindikukana. Koma kuntchito kwanuko kulibe munthu woona zinthu zisanatuluke?"

A Manambala anapinda kapepala kaja kawiri, kenako kanayi.

"Alipo," anatero.