Juzi Yobiriwira ya Asisi

Asisi anayamba kuthamanga atakula kale, ndipo anthu amumsewu mwathu anaseka mpaka nthiti kuwawa. Telala wonenepa, miyendo yozolowera kupalasa makina osokera, lero ati akachite nawo mpikisano wothamanga wa mumzinda waukulu, uja amathamanga mtunda umene munthu wanzeru amakwerera basi! Inenso, mng'ono wawo wa bere limodzi, ndinaseka nawo. Ndinaleka tsiku limene anandionetsa njira ya mpikisanowo pafoni, chala chawo chitaima pa msewu umodzi wokha.

Mumsewu umenewo ndi mmene mumakhala mwana wawo. Banja litatha, alamu ananyamula mtsikanayo n'kupita naye kumzinda, ati kumeneko ndiko kuli sukulu zabwino. Mwanayo anachoka zaka zingapo zapitazo, mano akutsogolo atangoguluka kumene. Asisi anapitako kangapo, koma ulendo uliwonse unkathera pageti: mwana ali kusukulu, mwana wagona, bwana kulibe. Kenako alamu anasiya ndi kuyankha komwe foni.

"Tsiku la mpikisano amatseka misewu," anandiuza asisi. "Aliyense amatuluka kudzaonerera. Ndipo wothamanga sabwezedwa pageti."

Ndiye anathamangadi, m'mawa uliwonse asanatsegule shopu, mvula kapena dzuwa. Thupi linasungunuka, masaya analowa, tsitsi anameta ati likusunga thukuta.

Masana a tsiku loti mawa lake tikwera basi, tinali mushopu tikulongedza. Patebulo lodulira nsalu anayalapo nsapato zawo zakale zija zozolowera phazi, masokosi, nambala ya pachifuwa ndi mapini ake, mafuta opaka m'khwapa kuti musasupuke, ndi kamalaya kopyapyala kamene anawapatsa a kochi. A kochiwo, bambo wopuma pantchito amene ankaphunzitsa kagulu kawo ka othamanga, anali atawalangiza mpaka makutu kutopa: chachilendo ayi, cholemera ayi.

Kenako asisi anatsegula kabati ya pansi n'kutulutsa juzi yobiriwira, yochindikala, yonunkha kukhalitsa.

"Imeneyo ndi ya m'basi?" ndinafunsa.

"Ndikathamanga nayo."

"Mwayamba misala eti? Dzuwa limeneli? Mukufuna ndikakutoleni pamsewu ngati thumba? A kochi amva?"

"A kochi alibe mwana kumeneko," anatero. "Ndinavala imeneyi tsiku limene mwana wanga ankapita. Pachithunzi chimene anapita nacho ndavalanso yomweyi. Tandiyang'ana bwino iwe. Amayi ake anali chimzimayi chodzaza pakhomo. Angandizindikire chonchi?"

Ndinawayang'ana. Zinali zoona, ndipo zinandipweteka mumtima: kuthamanga kumene kunayenera kuwafikitsa kwa mwana wawo ndi kumenenso kunachotsa mayi amene mwanayo ankamudziwa.

Tinanenererana ngati pamsika mpaka tinagwirizana kuti juziyo akaimanga m'chiuno, n'kukaivala akayandikira msewu uja. Ataiyesa, inangolendewera, mapewa ake atafika m'zigongono.

"Bweretsani tiichepetse, makina si awa," ndinatero.

"Usaikhudze. Akaione mmene anaisiyira."

Atatero ananditumiza panja. "Pita ukaime pakhomo pa ometa paja. Ukhale ngati ndiwe iyeyo."

Ndinapita ndikung'ung'udza. Asisi anatsika mpaka pakona, anamanga juzi m'chiuno, n'kuyamba kubwera. Ali m'kati mothamanga anaimasula, mutu unasochera m'kati, dzanja linalowa pakhosi, mpaka anawomba njinga yoimikidwa. Wometa anatuluka lumo lili m'manja.

"Mayi a singano, mwazizidwa? Tikuyatsireni moto?"

Msewu wonse unaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinaona chimene enawo sanaone: asisi anandidutsa m'kuphethira kwa diso. Miyezi yonse ija ya thukuta inali yogulira kamphindi kameneko.

Anabwereza, nabwerezanso, mpaka juzi inayamba kulowa bwino. Anabwera ali wefuwefu.

"Wandiona?"

"Ndakuonerani patali."

"Ineyo kapena juzi?"

"Nonse awiri," ndinatero, ndikuyang'ana kumbali.

Tinabwerera mushopu. Ndinaika nsapato m'chikwama, mapini m'kathumba, juzi pamwamba penipeni, ndikuganiza kuti basi zonse zatheka. Potembenuka ndinapeza asisi ataima pakati pa shopu, dzanja atatambasula kutsogolo, chikhato chitayang'ana pansi ngati chili pamutu pa mwana. Linali cha m'chiuno. Analikweza pang'onopang'ono kufika pachifuwa, kenako paphewa, n'kulitsitsanso.

"Mukuyeza chiyaninso, asisi?"

Anayang'ana dzanja lawolo.

"Ine ndine telala," anatero. "Munthu akangolowa pakhomo apo, ndadziwa kale nsalu imene ingamukwane. Nthawi yonseyi ndakhala ndikukonzekera zoti iye andizindikire. Nanga ine, mng'ono wanga? Pamsewupo pakakhala atsikana ambirimbiri. Ndikayang'ana wotalika bwanji?"

Dzanja lawo linali lidakali m'malere, likufunafuna mutu woti likhalepo.