Sineya Yowamba pa Mbaula

Fatsani analota kuti sineya, imodzi mwa ng'oma zake zamagetsi, yafa. Inafa pakati penipeni. Akaimenya inkangoti phwa, ngati nsapato yonyowa. Mkulu wa kwaya, bambo Kamwendo, analankhula ali m'kati mwa sipika.

"Ikapanda kulira Lamulungu, tidzatsegula ng'oma za m'kiyibodi. Zija sizidwala, sizichedwa."

Mawuwa anamulasa mtima, pakuti kupatula kangodya kake ka m'tchalitchi, Fatsani analibe kwina kumene anthu ankamudziwa dzina.

Anapita ku Limbe kukafuna ina. Sitolo yake inalibe khoma lakumbuyo, ndipo mtsinje wa Mudi unkadutsa pansi pa mashelefu. Wogulitsa anali malume ake, a Sandalamu, mmisiri wosema ng'oma zamtengo amene anamwalira kalekale. Anali atavala suti yomwe anawaika nayo m'manda.

Anatulutsa sineya ziwiri. Ya labala inati, "Ine ndine wolimba, koma liwu langa ndi limodzi basi." Ya neti inati, "Ine ndimamva pakati, ndimamva m'mphepete, ndimamva ngakhale dzanja likamanjenjemera."

Fatsani analoza ya netiyo.

"Wasankha bwino, mphwanga," anatero malume. "Tsopano iwambe."

"Malume, izitu siziwambidwa. Zimalira ndi waya."

"Ng'oma yozizira saimbira anthu. Kodi ndinakuphunzitsa chiyani ine?"

Mutu wa Fatsani unkadziwa bwinobwino kuti netiyo ndi pulasitiki. Koma munthu angatsutse bwanji malume ake, akufa n'kufa komwe? Mbaula inabwera yokha, ikuyandama pamadzi. Fatsani anagwada n'kuyamba kutembenuza sineyayo pamakala monga amachitira oimba gule asanayambe, uku akuigogoda ndi chala kuti amve ngati yakungika. Neti inakwinyika, inayamba kudontha mpaka inabooka pakati.

"Ndikumva," inatero sineya. Sinalankhulenso.

Malume anasuzumira pabowopo kwa nthawi yaitali. "Zikopa za masiku ano," anadandaula, n'kulowa m'madzi osatsanzika.

Kuseri kwa kauntala kunali chitseko cha tchalitchi. Fatsani analowa atakumbatira mkombero wakuda wa sineyayo, ali ndi manyazi ofuna kufa nawo. Kiyibodi inkadziimba yokha. Pampando wa Fatsani anali ataikapo maluwa. Mpingo wonse unkavina, ndipo kutsogolo kwenikweni kunali mkazi wake, Tiyanjane, maso ali chitsinzinire, akuvina kavinidwe kamene sanavinepo n'kale lonse mwamuna wake akuimba.

Fatsani anakweza kamtengo koimbira ng'oma, namenya ndi mphamvu zake zonse. Kamtengo kanangodutsa pabowo. Palibe anacheuka.

Anadzidzimuka dzuwa la Lamulungu litakwera kale. Ng'oma zake zinali pakona, sineya yakale ija ili chifere. Anagona phee, akumvetsera. Kutsidya, kutchalitchi, nyimbo yoyamba inali itayambika, ndipo kugunda kwa ng'oma za m'kiyibodi sikunkaphonya ngakhale pang'ono.