Nkhunda za Mzinda wa Mchere

Ghada anatsika sitima pa Desouk kutada kale. Mvula inali itangokata. Tawuniyi sankaidziwa. Ankadziwa Cairo, Beirut, Tunis, mizinda ya zionetsero za mabuku, yogonako masiku awiri n'kuthawa. Kuno ayi. M'khwapa anali atapanira chikwama cha mapepala. M'thumba munali kalata.

Ntchito yake inali yojambula nthano za zithunzi. Ankajambula ziwiri m'magazini imodzi yotuluka mwezi ndi mwezi. Yoyamba inali ya wapolisi wofufuza milandu, dzina lake Hilal. Imeneyo ndiyo inkagulitsa magazini. Yachiwiri inali yapamtima pake, Mzinda wa Mchere: zaka zana zikubwerazo, nyanja itameza minda, anthu akukhala pamadenga, madzi akumwa atatsekeredwa ndi akuluakulu kuseri kwa khoma. Imeneyo mkonzi wake, Medhat, anali atalamula kuti ithe.

"Anthu atopa ndi maliro, Ghada. Gawo lomaliza lifike kosindikiza mawa masana. Usachedwe."

Gawolo anali atalijambula kale, ndipo linali m'chikwamamo. Marzuk, mwini nthano, akugumula khoma. Madzi akumeza onse, olemera ndi osauka omwe. Kabokosi ka chithunzi komaliza, thambo lopanda kanthu. Basi. Atopa ndi maliro? Awapatsa maliro aakulu.

Koma kalata ija. Kwa zaka zitatu makalata ankabwera kuchokera ku Desouk, mwezi uliwonse, olemba pamanja, osainidwa ndi anthu awiri, Refaat ndi Zeinat. Yomalizayi inali ya mzere umodzi: "Mwana wathu, nkhunda waziphera chiyani?"

Ghada sanajambulepo nkhunda. Ngakhale mbalame imodzi. Anatsegula magawo onse, tsamba ndi tsamba. Palibe. Anthu awiri okha amene ankamulembera za Mzinda wa Mchere, kodi ankawerenga nthano ya wina? Sakanapereka gawo lomaliza asanadziwe.

Woyendetsa tukutuku, kagalimoto ka matayala atatu, sanayang'ane n'komwe adiresi. "Kwa a Hagi Refaat a nkhunda? Kwerani."

Anatsegula chitseko mayi wojintcha, magalasi akulendewera pakhosi, manja ali ufa okhaokha.

"Ndani?"

"Ndine Ghada Mansi. Wa magazini."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zamatope. Kenako anatembenukira m'nyumba.

"Abambo ake Tarek! Khalani bwino! Chigawenga chija chadzibweretsa chokha!"

"Chilowetse chisanathawe!" anayankha mawu a bambo m'kati.

A Refaat anali nkhalamba yowonda, yokhala chowongoka pampando ngati ikudikira kujambulidwa. Maso anali otsegula koma osaona. Matenda a shuga anawatseka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anagwira dzanja la Ghada ndi manja awiri, n'kulisisita pachala chapakati.

"Chikanga cha cholembera. Ndi yemweyo, make Tarek. Si wonama."

Mafunso anakanizidwa mpaka atadya. Msuzi wa mphodza, mkate wotentha, tchizi, nsomba ya mchere. Ghada anazolowera kudya chiimire. Apa mbale inkadzazidwanso isanathe.

"Idya, mwana wanga, ukuoneka ngati anthu ako ojambulidwawo," anatero a Zeinat. "Ndipo wapolisi wako uja umuuze. Ndi mbuli."

"Hilal?"

"Pali wina? Mlandu wa telala wosowa uja. Ine wakupha ndinamudziwa patsamba lachitatu. Mkazi woti mwamuna wake wangosowa dzulo, n'kuphika mpunga m'kapoto ka munthu mmodzi? Ankadziwa kuti sabwera! Hilal wakoyo masamba makumi awiri, kusuta fodya, kuyang'ana pawindo ngati wakanidwa ukwati."

Ghada anaseka mpaka kutsamwa. Kapotoko anakajambula dala. Medhat yemwe sanakaone.

"Musiye uyu," anatero a Refaat. "Akanakhala wapolisi, theka la Desouk likanakhala m'ndende, kuyambira ine."

"Inuyo mukanakhala woyamba, inde. Mlandu wake ndikuudziwa."

"Ukuona? Zaka makumi anayi ndili pa belo."

Anamufotokozera mmene amawerengera. Magazini ikafika, a Zeinat amatenga galasi lokuza zinthu. Amawerenga mawu, aliyense ndi liwu lake, Hilal mwa m'mphuno. Kenako amanena zimene zili m'kabokosi kalikonse. Wavala chiyani, waima pati, kumbuyo kwake kuli chiyani. Gawo limodzi limawatengera madzulo atatu. Madzulo achinayi ndi okangana. Achisanu ndi olemba kalata.

"Iye amakonda za akuphazo," anatero a Refaat. "Ine wanga ndi Mzinda wa Mchere. Anthu amati ndi zoopseza ana. Apite akaone munda wa mng'ono wanga ku Baltim, m'mphepete mwa nyanja. Wayera mbee ndi mchere. Iwe umati zaka zana zikubwerazo. Kwa iye ndi chaka chatha."

Ghada anaika supuni pansi. Anatulutsa kalata ija.

"Amalume, ndabwerera iyi. Nkhunda zake ziti?"

"Wamva, make Tarek? Akufunsa nkhunda ziti."

"Zigawenga zonse zimayamba choncho," anatero a Zeinat, akudzuka.

Magazini ankasungidwa m'kabati, pansi pa mbale za alendo. Anawayala patebulo. Anatsegula gawo lachiwiri, n'kuika galasi pamwamba pa madenga a mzindawo.

"Izi. N'chiyani izi? Ntchentche?"

Timadontho takuda, tambirimbiri, m'mwamba. Anatsegula gawo lachisanu. Timadontho. Lachisanu ndi chinayi. Timadontho.

Ghada ankatidziwa bwino. Akamaliza tsamba ankaviika mswachi wakale mu inki, n'kuukanda ndi chala kuti inki iwazike. Linali phulusa. Utsi wa mafakitale a kuseri kwa khoma. Miyezi itatu yapitayo anayamba kujambulira pa kompyuta kuti azifulumira, ndipo mswachi anautaya. Thambo linayera.

A Refaat anali atayamba kale kuwerengera pazala.

"Choyamba, nkhunda simwa madzi a mchere. Chachiwiri, nkhunda imamwa tsiku lililonse. Chachitatu, gulu likamazungulira, lili ndi khola, ndipo khola lili ndi mwini."

"Chachinayi n'changa," analowerera a Zeinat. "Zimazungulira malo amodzi. Nthawi zonse kudzanja lamanja, pamwamba pa nyumba ya thanki yobooka. Onani apa. Apanso. Ndiye kuti pansi pa nyumba imeneyo pali chitsime. Madzi abwino, kunja kwa khoma! Pali munthu akuwabisa, akumwetsa mbalame zake."

"Zaka zitatu tikudikira kuti Marzuk akweze maso," anatero a Refaat. "Sakweza. Amangoyang'ana khoma ngati bulu woyang'ana chipata. Kenako mwadzidzidzi, nkhunda zii. Ndinati akuluakulu aja amupeza mwini khola. Sindinadye tsiku limenelo."

"Anadya madzulo," anatero a Zeinat.

Bodza linali pafupi, lofewa, lokonzeka. Akanati inde, mwagwira. Akanamwa tiyi, n'kugona, n'kupita. Koma anthu awa anali atamulembera zoona makalata oposa makumi atatu.

"Si nkhunda," anatero. "Ndi phulusa. Ndinkawaza inki ndi mswachi. Ndinasiya chifukwa ndinagula kompyuta."

Panja tukutuku inadutsa ikuliza nyimbo.

A Zeinat anavula magalasi pang'onopang'ono. Liwu lawo linachepa.

"Ndiye kuti zaka zitatu ndakhala ndikuwanamiza bambowa? Maso awo ndine. Ndawauza za mbalame zoti kulibe."

Ghada anafuna nthaka imumeze. Anabwera ulendo wonsewu kudzaphwanya chinthu m'nyumba ya eni.

A Refaat anapapasa patebulo mpaka anapeza dzanja la akazi awo.

"Make Tarek, tenga galasi."

"Lantchito yanji?"

"Tenga, iwe. Timadonthoto tikugwa, kapena tikupinda?"

A Zeinat anawerama monyinyirika. "Tikupinda. Ngati chikwakwa."

"Gawo lina."

"Tikupinda."

"Lina."

"Ndati tikupinda, bambo inu!"

"Mwana wanga," a Refaat anatembenukira kumene kunali Ghada, "ine ndatentha mapesi a mpunga moyo wanga wonse. Phulusa limagwa. Likapeza mphepo limamwazika ngati anthu othawa msonkho. Silipinda. Chimene chimapinda m'mwamba pamodzi n'chamoyo."

Ghada anatenga galasi. Anayang'ana. Zinali zoona. Iye ndi wamanzere, chala chake chinkakanda mswachi mokhota, ndipo mbali ina ya tsamba ankaiphimba ndi pepala kuti nkhope za anthu zisade. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze zimenezo.

"Usandiuze za mswachi," anamudula a Refaat. "Dzanja lako linadziwa. Mutu wako ndi umene unatsalira m'mbuyo. Mkazi wanga sananame. Anawerenga zimene zili papepala."

A Zeinat anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Mwamva? Ndi ine ndinawerenga bwino. Wolemba yemwe sadziwa."

"Wayambapo."

Tiyi anabwera. A Refaat anagogoda chikwama cha Ghada ndi ndodo.

"Muli mathero umu. Ndamva mmene ukuchigwirira. Tiuze."

Anawauza. Nyundo, khoma, chigumula. Thambo lopanda kanthu.

"Ndi ana omwe?" anafunsa a Zeinat.

"Onse."

"Mlandu uwu ndi wosavuta kuposa wa telala. Wakupha ndi wolemba. Chifukwa chake, watopa ndipo wakwiyira bwana wake."



"Nthano ndi yako," anatero a Refaat. "Ipha amene ukufuna. Ife tidzawerenga, tidzakutukwana m'kalata, basi. Koma sitima yako ndi ya m'mawa. Usanapite ukwere nane kudenga."

Ghada anagona m'chipinda cha Tarek, mwana wawo wogwira ntchito ku Kuwait.

Kunja kukuyamba kuyera, a Refaat anali kale pamakwerero, osafuna kugwiridwa dzanja. Padenga panali khola lalitali lamatabwa, lopaka utoto wobiriwira. Kunkazizira. Mtsinje unali utafunda nkhungu. Nkhalambayo inatsegula timakomo motsatana, zala zikudziwa pamene pali kachitsulo kalikonse. Inaimba likhweru. Inanyamula ndodo ya nsanza yofiira n'kuizunguza.

Phaphapha! Mphepo ya mapiko inamumenya Ghada kumaso. Nkhunda zinakwera, zinachepa, zinasanduka timadontho. Kenako zonse pamodzi zinapinda pamwamba pa matanki ndi zingwe za zovala.

Chikwakwa. Chenicheni cha patsamba lake.

"Zilipo zingati?" anafunsa a Refaat.

"Sindingathe kuwerenga."

"Makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri. Imodzi yatsala, ikufungatira mazira." Anapendeketsa khutu. "Munthu akakhala kutali, nyumba yanga saiona. Amaona izo. Amadziwa kuti pansi pake pali wina amene wadzuka."

Ghada anali akuwerenga kale zina. Sitima maola anayi. M'chikwama mapepala awiri osalemba, cholembera, kabotolo ka inki. Masamba awiri omaliza. Marzuk wakweza nyundo. Chithunzithunzi cha mbalame chikudutsa pakhoma. Akukweza maso. Nyundo ikutsika. Kabokosi komaliza, iye akuyenda pamadenga kulowera ku thanki yobooka, anthu atatu anayi akumutsatira ndi zigubu. Medhat ankafuna mathero. Awa ndi mathero. Ngati nthano ifere pomwepo, ife ikuyenda.

"Ndilibe mswachi," anatero mokweza.

Pansi, a Zeinat anali atamanga kale mkate ndi mazira owiritsa m'nyuzipepala. Atamva, analowa kubafa n'kutuluka ndi mswachi wobiriwira, wothothoka.

"Tenga wa bambowa. Mano atsala anayi, sakuufuna."

"Asanu!" anakuwa a Refaat ali pamakwerero.

"Lachisanulo likugwedera, musaliwerengere."

Tukutuku inali itaima pakhomo. A Zeinat anamupsompsona masaya onse awiri, n'kumukankhira m'kati ngati katundu.

"Mwini kholayo asakhale mwamuna!" anakuwa tukutuku itanyamuka. "Amuna sasunga chinsinsi zaka zitatu! Ndipo Hilal umuuze aziyang'ana m'mapoto!"

Sitima inanyamuka pa nthawi yake, chinthu chachilendo. Ghada anapeza mpando wa pawindo. Anaika chikwama pamaondo, pepala pamwamba pake. Minda inkadutsa, yonyowa, yobiriwira. Bambo wa jekete loyera amene anakhala moyang'anana naye anaona kabotolo ka inki, anaona mswachi, n'kusuntha mwakachetechete kupita kumpando wina.

Ghada anatsegula kabotolo.