Kadontho Pakona pa Sitika

Ntchito yanga imayamba sitolo isanatsegule. Ndimalowera khomo lakumbuyo, mlonda amasuzumira m'chikwama changa ngati ndingabwere ndi ng'ombe yangayanga, kenako ndimavala epuloni, nsapato zamphira ndi kachisoti kamene kamandikalambitsa ndi zaka khumi. Mbali ya nyama imazizira chaka chonse. Zaka khumi ndi zitatu ndaima pasimenti pomwepo, pakati pa sikelo ndi makina okutira pulasitiki, ndipo mawondo anga anasiya kalekale kundikhululukira.

Ntchito yoyamba ya m'mawa sitiitchula dzina lake lenileni. Timangoti "kusambitsa ana." Ndimakankha kangolo m'mbali mwa mafiliji n'kumachotsa mapaketi onse amene tsiku lake latha. Kuseri, a Macheka, mkulu amene amadula nyama, amang'amba pulasitiki, kununkhiza, kusenga mbali zimene zada, ine n'kuika nyamayo pakambale katsopano, kukuta, kuika pasikelo. Sikelo ilibe manyazi. Imalavula sitika ya tsiku la lero ndi masiku ena anayi akutsogolo, basi nyama ya Lolemba yabadwanso Lachisanu.

Zimenezi sizinalembedwe paliponse. Manijala wathu timamutcha a Tilipamodzi, chifukwa sangamalize mawu osafunsa kuti "tili pamodzi?" Bamboyu sananenepo ndi pakamwa pake kuti tizisintha masiku. Amangoima pamgolo wa zotaya, manja kumbuyo, n'kudandaula kuti kulikulu akuti nthambi yathu imataya kwambiri, ndiponso kuti ofuna ntchito ali mbwee pageti. Mtsikana wina wapatilu anayesapo kunong'oneza kasitomala kuti asagule soseji. Sabata isanathe anamupezera mlandu wochedwa kuntchito, n'kupita. Kuyambira pamenepo aliyense anaphunzira kusunga pakamwa pake. Ine ndili ndi ana awiri kusekondale ndi mwamuna amene msana unamuchotsa pantchito, choncho ndinaphunzira msanga kuposa onse.

Koma ife ogwira ntchito timadyanso nyama, ndipo abale athu amagula momwemu. Ndiye tinapangana kalekale kuti paketi iliyonse yosambitsidwa ndiziika kadontho ka bolopeni yabuluu pakona pa sitika, kumunsi kumanja. Kakang'ono ngati chitosi cha ntchentche. Mlonda amadziwa, apatilu amadziwa, akazi awo a Macheka amadziwa, mchemwali wanga amadziwa. Zakadontho si zathu, ndi za anthu ena. Ndisaname, ndinkadziona ngati munthu wabwino chifukwa cha kadonthoko.

Pamwamba pa mafiliji athu pali chikwangwani chachikulu. A Tilipamodzi akumwetulira mano onse pamtunda, akupereka katoni ya mkaka kwa ana amasiye, ndipo pansi pake palembedwa kuti TIMASAMALA ZA INU. Mawu omwewo ali kumbuyo kwa malaya athu. Ubwino wake ndi woti ali kumsana, sitiwawerenga.

Makasitomala ambiri sindiwadziwa nkhope, ndimangoona manja awo akufukula m'filiji. Koma a Telala ndinkawadziwa. Ndi bambo wachikulire, wopuma pantchito yosoka, woonda, wa jekete yotuwa yosita bwino ndi magalasi okhala kunsonga kwa mphuno. Ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu sitolo ikangotsegula, kudzagula chiwindi cha akazi awo, amene adokotala anati magazi ndi ochepa. Akandipeza ndili pantchito ankagogoda pagalasi la kawindo kathu n'kundikwezera chipewa.

"Mwadzuka bwanji, mwana wanga?"

Palibe wina m'sitolo monsemo amene ankanditchula choncho. Kwa a Tilipamodzi ndine "inu a kunyama."

Lachisanu limenelo a Macheka anachedwa kudula, ndiye sitolo inatsegula ndikadali kutsogolo, ndikusanja mapaketi. Tinali titasambitsa chiwindi chambiri, chifukwa sabata imeneyo sichinayende malonda. A Telala anafika ndi basiketi yawo, tinapatsana moni, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona m'mene amasankhira. Sankayang'ana nyama. Ankanyamula paketi, kuyandikiza sitika kumagalasi, kubweza, kunyamula ina. Yachinayi anaimwetulira n'kuiponya m'basiketi. Inali ndi kadontho.

"Bambo, bwanji osatenga iyi?" ndinatero, ndikuwapatsa ya m'mawa womwewo.

Anaseka, n'kundiyandikira ngati tikugawana chinsinsi.

"Mwana wanga, ine ndasoka zaka makumi anayi. Chovala chimene ndachiyang'ana ndekha, msoko uliwonse, ndinkachiika kachizindikiro ka choko mkati mwa kolala. Anyamata anga ankadziwa kuti chimenecho chadutsa m'manja mwa mwini wake. Tsiku lina ndinakuonani pakawindo apo mukuika kadontho, mosamala, lilime kunja. Ndinati eya, uyu ndi mmisiri mnzanga. Kuyambira pamenepo sinditenga ina ayi."

"Kuyambira liti?" ndinafunsa.

"Ikwana miyezi isanu tsopano. Musaope, sindinauze munthu. Angamazimalize ine ndisanafike."

Ndinagwira m'mphepete mwa filiji.

"Amayi ali bwanji kunyumba?"

"Aa, m'mimba ndi momwe mukuvuta. Akadya, nthawi zina zonse zimabwerera. Adokotala akuti mwina ndi mankhwala. Koma ndimawakakamiza, ndimati idyani, ichi chasankhidwa ndi mwana wathu wa kusitolo."

Mwina analidi mankhwala. Ndadziuza zimenezi kambirimbiri, ndipo sizinandithandizepo.

Kumapeto kwa mzere wa mafiliji, masitepe khumi okha kuchokera pamene tinaima, a Tilipamodzi ankawerenga kazizidwe ka filiji ya nkhuku n'kumalemba m'kabuku kawo. Bamboyu makutu ake ndi akuthwa, amamva paketi ikugwa m'mgolo ali mu ofesi.

Mutu wanga unathamanga kufunafuna njira yoti ndipulumuke osalankhula. Ndinaganiza zoti mawa ndiyambe kuika kadontho pa nyama yatsopano. Koma ndiye mchemwali wanga, mlonda ndi akazi awo a Macheka akanayamba kusankha yosambitsidwa. Ndinaganiza zoti ndiziwabisira a Telala paketi yabwino n'kuikapo kadontho. Koma Lachiwiri ndi tsiku langa lopuma, ndipo filiji imakhala yodzaza ndi madontho anga a Lolemba.

"Dikirani ndikakutengereni china kuseri," ndinayesa. "Changodulidwa kumene."

"Ayi, musavutike. Ichi chili ndi dzanja lanu, chandikwanira."

Anakweza chipewa, n'kutembenuka. Ndinaona msana wa jekete yawo, msoko wowongoka bwino pakati, ndi basiketi ikulendewera ndi kapaketi kamodzi. Ndinali wotopa. Anthu amaganiza kuti zinthu zotere munthu amachita chifukwa cholimba mtima. Ine mtima sunalimbe ayi, ndinangotopa kwambiri moti ndinalibe mphamvu yonyamula bodza lina kukafika nalo kunyumba.

"Bambo."

Anaima.

"Zakadontho musamatenge." Ndinayesa kunong'ona koma mawu anatuluka mokweza. "Ndi zakale. Tsiku lake linatha, timangosintha pulasitiki ndi sitika. Kadonthoko ndimaika kuti ife ogwira ntchito muno tisagule."

Cholembera cha a Tilipamodzi chinasiya kuyenda. Sindinawayang'ane, ndinangomva.

A Telala sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anatulutsa paketi ija m'basiketi, kuyandikizanso sitika kumagalasi, kuyang'ana kadontho nthawi yaitali ngati akufuna kuona pamene ulusi unaphonya.

"Kuti inu musagule," anabwereza pang'onopang'ono.

"Eya, bambo."

"Ndiye mumadziwa."

Anaweramira m'filiji n'kubweza paketiyo pamalo pomwe anaitenga, n'kuiwongola kuti ifanane ndi zinzake, chifukwa ndi munthu amene sasiya chinthu chili chopendekeka. Sanatenge ina.

Asanachoke n'komwe, mayi wina wachitsikana, mwana ali m'manja, anatambasula dzanja pakati pathu n'kutola paketi yomweyo. Sanayang'ane sitika. Anangoona kuti chiwindi chikuwala bwino pansi pa nyali zathu zofiirira, n'kuchiika m'kangolo kake pambali pa matewera. A Telala anayang'ana mayiyo, kenako anayang'ana ine. Anangodikira.

"Asisi, pepani, bweretsani icho," ndinatero. "Tengani ichi."

Mayiyo anadabwa, koma anasinthanitsa n'kumapita. Ndiye poti ndinali nditayamba kale, ndinakoka kangolo kanga n'kuyamba kuchotsa zonse. Sindinavutike kuzifuna, ndinaziika ndekha ola limodzi lapitalo. Chiwindi, nyama yogaya, nthiti, mapaketi khumi ndi asanu ndi awiri. A Macheka anaima pakawindo, mpeni uli m'manja, kukamwa kuli yasa. Wapatilu wina anasiya kasitomala n'kusuzumira.

A Tilipamodzi anafika pambali panga akumwetulira ngati pachikwangwani paja, chifukwa makasitomala anali akuyang'ana.

"Inu a kunyama, mukamaliza apo mubwere ku ofesi. Mubwere ndi epuloni ndi kiyi wa loka yanu yosungiramo zovala. Tili pamodzi?"

"Ndamva, bwana."

Anapita, nsapato zawo zikulira pamatailosi. Ndinaganiza za ana anga, za mwamuna wanga amene nthawi imeneyo anali atagona chagada pamphasa kudikira kuti msana uleke, ndi za m'mene ndikalowere pakhomo dzuwa likadali pamutu. Ndinachita mantha, ndipo ndikuchitabe.

Koma ndinatembenukira kwa a Telala. Sindibisa, ndinkafuna kanthu kwa iwo. Ntchito ya zaka khumi ndi zitatu inali itangopita iwo akuona, ndipo ndinkayembekeza kuti mwina andigwira paphewa, mwina anena kuti mwachita bwino. Ndinatenga paketi ya chiwindi chatsopano, chodulidwa m'mawa womwewo, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Ichi ndi chabwino, bambo. Ndikulumbira."

Anachiyang'ana, koma sanachilandire. Anaika basiketi yopanda kanthu pamulu wa zinzake, n'kukonza chipewa chawo, osachikweza.

"Zikomo, mayi," anatero, n'kutuluka.