Mlandu wa Kugeya

Ng'ombeyo inakana kukwera lole. Amuna awiri ankaikoka ndi chingwe, wachitatu akuikankha kumbuyo, koma iyo inangozika ziboda m'matope n'kuima nji.

Achipewa, m'busa wamkulu wa pafamupo, ankaonerera ali pakhomo la khola, ndowa ili m'manja. Ng'ombeyo ankaitcha Mawanga. Tsiku limene inkabadwa anachita kuikoka okha ndi manja, make atalephera.

Famuyo inali itagulidwa ndi kampani yaikulu, ndipo kunena zoona zinthu zinkayenda. Kunabwera makina okamira mkaka, thanki yoziziritsira, ndi ntchito kwa anthu amene kale ankangoothera dzuwa. Koma ogula akunja ankafuna mkaka wosaononga mlengalenga. Akuti ng'ombe ikamabzikula imageya mpweya wotenthetsa dziko, ndiye yokalamba, ya mkaka wochepa, imangogeya pachabe. Zoterozo zinayenera kupita kokaphedwa.

"Achipewa, mkazi wanuyu wageya mpaka mvula yathawa!" anatero dalaivala wa lole, injini ikufuka utsi wakuda bii.

"Nanga chikutuluka kumbuyo kwa lole yakoyo ndi lubani?"

"Ine ndangotumidwa, madala. Koma chaona mnzako chapita. Inunso mano atha m'kamwamo."

Amuna aja anaseka. Kapitawo wa pafamupo sanaseke, poti Achipewa ndi amene anamuphunzitsa kukama.

"Nkhaniyi si yabodza, bambo," anatero motsitsa mawu. "Chimanga chanu chomwe chinapserera m'munda. Ndipo tikakana, msika utitaya tonse."

"Ndiye dzuwa lonselija analiyatsa ndi Mawanga yekha?"

Kapitawo anayang'ana kumbali. Dalaivala anali atatopa kudikira, ndipo mmodzi wa amuna aja anatola chidutswa cha paipi. Anaimenya ng'ombeyo m'nthiti, phwa! Anaimenyanso. Ng'ombe inagwada, thovu lili kukamwa, maso akufunafuna munthu mmodzi yekha.

Ndowa inagwa pansi.

"Isiyeni!"

Achipewa anakwera okha m'lolemo. Anaima kutsogolo kwenikweni n'kutambasula dzanja.

"Mawanga," anaitana pang'onopang'ono, monga ankaitanira m'mawa uliwonse. "Bwera, mama. Bwera kuno."

Ng'ombe inadzuka. Inakwera thabwa lija popanda woikoka, n'kuyamba kuwanyambita mkono, ikuyesa kuti abisa mchere m'thumba. Achipewa anaisisita pamphumi, kenako anatulukira pa kachitseko ka m'mbali. Chisoni chinawagwira, ndipo manyazi anaposa chisonicho, chifukwa ng'ombeyo sinagonje ndi paipi. Anainamiza ndi iwo.

Chitseko chachikulu chinatsekedwa. Mawanga analira kamodzi, lole n'kunyamuka.

"Mwatithandiza, bambo," anatero kapitawo, osawayang'ana kumaso. "Zatsala za m'khola lachiwiri. Poti zimakumverani, Lachisanu mudzakweze ndinu."

Madzulo ake, ng'ombe zikulowa kokamidwa, Achipewa anangotsegula chipata n'kuima pambali. Sanaitane ina iliyonse ndi dzina.