Mkonono wa M'chigafa

Singano inandilasa pachala ndipo ndinadzidzimuka. Masamba a fodya amene ndinkasoka anali atamwazika pamiyendo panga, dzuwa lili paliwombo, amayi onse a m'chigafa atafa nalo phwete.

"Yazima thirakitala!" anakuwa Feggie, mlamu wanga, mlongo wake wa mwamuna wanga Amosi. "Alamu, mwalima mpaka pati kutuloko?"

"Sindinagone ine. Ndinangotsinzina."

"Kutsinzina? Taonani kutsinzina kwa a Elube."

Anakulunga chitenje n'kuchilowetsa m'malaya kuti chikhale mimba, n'kudzigwetsa chagada pafupi ndi mulu wa mikangala, timitengo toyanikapo fodya. "Khooo! Khooo!" Kenako anangoti zii, kukamwa yasa, chifuwa chikukankha koma mpweya osatuluka. Anakhala choncho mpaka amayi anayamba kumuwombera m'manja. Mwadzidzidzi anavumbuluka ngati mbuzi yotsamwa, maso ali tong'o, ndipo chigafa chonse chinagwedezeka ndi chikhakhali.

Ndinaseka nawo, pakuti mlamu sakwiyirwa. Koma dzanja langa linali pamimba.

Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Pakati panga poyamba panathera pa mwezi womwewo: mwana anabadwa ali chete, amayi achikulire n'kukamuika okha, ine osaona nkhope yake. Tsopano mapazi anali atatupanso. M'mawa uliwonse ndinkadzuka mutu ukuwawa, kukamwa kuli gwa, thupi lotopa ngati ndachezera kusenza mitolo. Tulo tinkandigwira paliponse, pamtondo, kutchalitchi, ngakhale pakati pa nkhani.

"Wapakati sagona masana," apongozi ankatero. "Mwana adzachita ulesi panjira."

Za mkonono wangawo Amosi sankadziwa kanthu. Chaka chimenecho dzina lake linatuluka pamakuponi, ndipo feteleza amene anayenera kupita kuchimanga anamuthira yense kufodya. Chakudya chathu cha chaka chonse chinkalendewera m'chigafamo, ndipo kwathu ku Chulu akuba fodya sagona. Kuyambira tsiku lomwe tinathyola masamba oyamba, Amosi ankagona m'chigafa ndi chibonga. Akuluakulu nawo anali atalamula kale kuti tisiyane mphasa mpaka mwana atabadwa. Ndinkagona ndekha, wondimva panalibe.

Tsiku la sikelo Feggie ndiye ananditenga panjinga, akudandaula njira yonse kuti wanyamula belo la fodya. Anamwino anandimanga lamba woyezera pamkono, n'kupopa, n'kuyang'ana. Anapopanso kachiwiri.

"Mayi, magazi anu akuthamanga kwambiri. Mumagona bwino?"

"Ndimagona mopitirira, koma sindikhuta tulo."

"Mumaliza mkonono?"

"Ayi!" ndinayankha msanga. Mkazi wanji angavomere zimenezo, anzake ali pamzere kunja kwa zenera?

"Amuna anu sanadandaulepo?"

"Amagona kufodya."

Anamwino anali atayamba kale kundipinda nsalu kuti ayeze mimba pamene mutu wa Feggie unatulukira pazenera, nzimbe ili kukamwa.

"Bodza limenelo, anamwino! Ameneyu akagona, nkhuku zimasamuka pamudzi."

"Feggie, choka apo!"

"Musiyeni," anatero anamwino. "Lowani, mayi. Tandionetseni mmene amachitira."

Feggie sakana anthu omuonerera. Anagona chagada pasimenti pomwepo, chitseko chili chotsekula, n'kuyamba. Amayi apamzere anaunjikana pakhomo, akugwirana mapewa ndi kuseka. Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika. Atafika poti zii paja, ndinaona kuti anamwino sakuseka. Anali atawerama, akuyang'anitsitsa chifuwa cha Feggie.

"Apa mwakhala chetepa, mwawonjezera kuti tiseke?"

"Kuwonjezera? Ndafupikitsa kumene, ine mpweya wandithera. Mwini wakeyu amatha kukhala zii, ine n'kusoka masamba angapo asanavumbuluke."

"Zimachitika kawirikawiri?"

"Akangogona chagada basi. Amaliza, amazima, amavumbuluka, amalizanso."

Anamwino anatseka chitseko.

"Pamene mumasekapo, mlamu wanuyu amakhala sakupuma. Njira ya mpweya kukhosi imatsekeka ali m'tulo. Timati kubanika kutulo, ndipo kwa wapakati kumatha kukweza kuthamanga kwa magazi. Iye akasowa mpweya, wam'mimbayu apuma wa ndani?"

Feggie anakhala tsonga pasimenti paja. Nzimbe inali itagubudukira pansi pa tebulo, ndipo sanaitole.

Anatitumiza kuchipatala cha kuboma tsiku lomwelo. Kumeneko adokotala anandipana kachipangizo pachala n'kundiuza kuti ndigone. Sizinavute. Zimene zinachitika nditagona ndinazimva kwa Feggie: akuti ndikangoti zii, nambala ya pakachipangizo inkatsika, kenako kankayamba kulira, ndipo iye ankandigwedeza phazi mpaka adokotala anamuletsa.

"Makina oyezera bwino matendawa, ndi ena othandiza kupuma m'tulo, amapezeka kumizinda ikuluikulu, ndiponso movutikira," adokotala anatiuza. "Tiyambe ndi zimene tili nazo. Mankhwala a magazi ndi awa. Kumudzi simubwerera, mukhala kuchidikiro kuno, kunyumba ya amayi oyembekezera, tizikuyezani. Ndipo chagada ayi. Muzigona cham'mbali, kumanzere, mutu ndi mapewa zili pamwamba."

Kulamula munthu wamaso n'kosavuta. Ndinkagona chakumanzere monga anandiuzira, koma tulo tikangondigwira, thupi linkabwerera lokha chagada. Feggie ankanditembenuza, ine n'kubwereranso. Ndinayamba kuopa tulo. Ndinkazungulirazungulira pabwalo la chidikiro, maso akulemera, ndikuyembekeza kuti mwana agunde. Akachedwa kugunda, ndinkaima n'kugwira mimba ndi manja onse awiri.

Amosi anabwera Loweruka, fumbi mpaka m'mawondo. Sanakhale pansi. Maso ake ankapita kumitambo, kenako kwa ine, kenako kunjinga.

"Amayi akuti Feggie abwerere. Fodya akupsa m'munda, osoka achepa."

"Achimwene, kauzeni amayi kuti fodya sabanika," anayankha Feggie. "Mwabweretsa zimene ndinakutumani?"

Amosi anamasula katundu pakaliyala. Linali thumba lija la feteleza wa kuponi, atalichapa n'kulidzaza makoko a chimanga kuti likhale mtsamiro wautali. Munalinso zitsononkho ziwiri, singano yosokera fodya ndi chingwe chake. Feggie anatenga diresi langa logonera, analitembenuza, n'kusokerera zitsononkho zija kumsana, pakati penipeni.

"Tembenukani tsopano tione, alamu. Zikakulasani mudzandikumbuka."

"Ndi ndani ali kuchigafa?" ndinafunsa Amosi.

"Palibe." Anakanda m'mutu. "Elube, kodi nthawi yonseyi unkasiya kupuma, ine ndikulondera masamba?"

Anagwira thumba lija, analikonza bwino kumutu kwa mphasa yanga, n'kupalasa njinga kubwerera dzuwa lisanapendeke.

Zitsononkho zinagwira ntchito yake. Ndikati nditembenuke, zinkandibaya, ine n'kubwerera kumanzere ndisanadzuke n'komwe. Mkonono sunatheretu, ndipo magazi anapitiriza kuvuta, moti adokotala sanadikire kuti masiku akwane. Anandipititsa ku opaleshoni. Mwana wathu Chiyamiko anatuluka wochepa ngati mtondo wa ana osewera, koma analira mpaka Feggie anamumva ali pakhonde.

Tinabwerera kumudzi fodya atauma, anthu ali pa ntchito yosankha masamba. Ndinakhala pakhomo pa chigafa, mwana ali pamiyendo. Mayi wina anati, "Feggie, tatichitire thirakitala ija, tawasowa alamu akowa."

Feggie anaseka, anakulunga chitenje, n'kugona chagada. "Khooo! Khooo!" Amayi anayamba kale kugwirana mapewa, akudikira pokoma paja. Koma iye atafika pamenepo anatsekula maso. Anadzuka, anasasa fumbi, n'kubwera kudzagwada pafupi nane. Chiyamiko anali m'tulo. Feggie anaika chala chake, chakuda ndi utomoni wa fodya, pansi pa kamphuno ka mwanayo, ndipo sanachichotse.